ANangozo Sanalape

Mwezi uno chatha chaka chiwaikire m'manda aNangozo, ndipo ine ndaganiza zolemba zimene zinakanika kunenedwa pamaliro pawo. Anamwalira ali odulidwa mumpingo. Anawadula chifukwa anakana kuimirira pamaso pa anthu n'kulapa ufiti umene analibe. Ankafunika kungonena kuti "ndalapa", basi. Akanatero bwenzi atamwalira akudya mgonero wa Ambuye, ndipo maliro awo akanaimbidwa ndi mpingo wonse. Sananene.

Pamaliropo akulu a mpingo anagwirizana kuti tibwere ngati anthu a m'mudzi chabe. Amayi tinauzidwa kuti tisavale yunifolomu. Nyimbo tinaimba ndithu, koma aliyense ankaimba atawerama ngati wagwidwa ndi chimanga cha eni. Itafika nthawi ya zolankhula ndinapita kumene kunakhala azibambo, ndinagwada pafupi ndi aGama, amene anali mkulu wa mpingo nthawi imene nkhaniyi inachitika, n'kuwapempha kuti anene pagulu zimene ananena kwa malemuwo pakhonde pawo ine ndili pomwepo. Anayang'ana ndodo yawo.

"Amake Limbani, pamaliro sitikumba zakale," anatero.

Ndiye ndizikumbira pano. Amene anatilamula kuti tisachitire mnzathu umboni wonama sanatilole kukhala chete pamene umboni woona tili nawo.

ANangozo anabadwira m'mudzi mwathu momwe muno, m'mapiri a ku Neno, koma ife tinawadziwa atayamba kale imvi. Ali mtsikana anapita kusukulu ya mishoni, kenaka ku Blantyre, kumene anagwira ntchito zaka zambiri mu labotale ya pa sukulu ina ya ukachenjede. Anakwatiwa komweko, amuna awo n'kumwalira, mwana osaoneka. Atapuma pantchito anabwerera pamalo a amayi awo ndi katundu wochepa: bedi lachitsulo, makatoni a mabuku, makina oonera tinthu tating'ono amene kuntchito kwawo anali atawataya, ndi funso limodzi limene anali asanalipezere yankho. Anali aatali, oonda, ovala nsapato zachimuna, ndipo ankayenda ngati akukathimitsa moto. Moni wawo unali waufupi. Kuno munthu ukakumana naye umafunsa za ana, za kumunda, za odwala, koma iwo ankangoti ali bwino, kaya inu, n'kumapitirira. Ambiri anayamba kuwada pa chimenechi, nkhani ya mabotolo isanamveke n'komwe.

Funso lawo linali la mabakiteriya, tizilombo tija tosaoneka ndi maso timene timasasitsa mkaka ndi kuoletsa ndiwo, tina n'kumadwalitsa anthu. Anandifotokozera kambirimbiri tikutong'ola chimanga, mpaka ndinazigwira. Ankati kachilombo kalikonse kali ngati kathumba, ndipo khungu la kathumbako ndi la mafuta. Mafutawo akauma kwambiri chakudya sichilowa, akasungunuka kwambiri za m'kati zimatayika, choncho kachilomboko kamakhalira kusoka ndi kusokanso chovala chake cha mafutacho. Ndiye pali gulu la zinthu za fungo lamphamvu zotchedwa maketoni. Kamfa wa m'mafuta odzola uja ndi wa gulu limeneli, chimodzimodzinso madzi amene atsikana amachotsera utoto wa m'zikhadabo. Zinthu zimenezi zimakonda mafuta, ndipo zikafika pa kachilombo zimalowerera m'khungu lake n'kulifewetsa. Kachilomboko kamayamba kutaya mphamvu zake posintha mafuta ake kuti alimbenso, kamaswana mochedwa, ndipo ketoni akachuluka kamalekeratu kukula. Koma tilipo tina, makamaka ta m'dothi, timene timadya ketoni yemweyo ngati chakudya, tina mpaka kusunga mafuta m'kati mwake. Chimene chinkawavuta aNangozo n'chakuti chinthu chimodzi chomwecho chimafooketsa bwanji uyu n'kunenepetsa uyo. Ku Blantyre anali atayamba kufufuza, koma amene ankathandiza ntchitoyo anatembenukira ku zina, ndipo iwo anauzidwa kuti atsuke mabotolo, nkhani yatha.

Nditamva zimenezi ndinakumbukira zimene mtumwi analemba, zakuti fungo limodzi lomwelo kwa ena limakhala la moyo, kwa ena la imfa. Nditawauza anaseka mpaka kutsokomola. Anati mtumwiyo akanamulemba ntchito mu labotale.

Tizilomboto timakula bwino pamalo ofunda ngati thupi la munthu. Kuntchito anali ndi kabati ya magetsi yotifunditsira, koma kwathu kuno magetsi kulibe, ndipo kuzizira kwa m'mapiri muno kumalowa mpaka m'mafupa. Ndiye anaganiza za nkhuku. Ankaphika mbatata ya kachewere, kuidula timagawo, kuika kagawo kamodzi m'kabotolo kowiritsidwa bwino, n'kupakapo kadontho ka madzi a dothi kapena ka mkaka wosasa. M'mabotolo ena ankapachikamo kathonje konyowa ndi kamfa kapena ndi madzi a zikhadabo aja, amene ankakagula ku Zalewa. Ena ankawasiya opanda kathonje, kuti azifananitsa. Akatseka, ankawalowetsa pansi pa thadzi lofungatira, pakati pa mazira. Nkhuku zina zinkakana, zinkakankhira mabotolowo kunja kwa chisa. Koma panali thadzi limodzi lopirira limene linkafungatira chilichonse ulipatse. Likanakhala loyera mwina moyo wa aNangozo ukanayenda mwina. Linali lakuda bii.

Akatha kuona zimene zamera, ankawiritsa mabotolo onse mumphika wake wapadera, zotsala n'kukazikwirira kuseri kwa nthochi, kuti pasakhale wodwala nazo. Tsono taganizani zimene munthu wodutsa ankaona: mayi wokalamba, wopanda mwana, akuika mabotolo pansi pa nkhuku yakuda, akuphika zinthu zimene sadya, akukwirira kuseri kwa nyumba. Poyamba inali nthabwala chabe. Kumsika amayi ena ankawafunsa kuti kodi nkhuku ija yaswa mabotolo angati. Iwo osaima n'komwe ankayankha kuti yaswa atatu, onse anzeru kuposa amuna anu.

Tsiku lina anandiitana kuti ndione. Makina awo anali ndi kagalasi kotengera kuwala kwa dzuwa, choncho ankaonera pakhonde, m'mawa. Anali ndi utoto wina wakuda umene umamatira mafuta okha. Ndinaika diso, poyamba osaona kanthu koma nsidze zanga. Kenaka ndinaona: timitengo ting'onoting'ono tosawerengeka, tina tili ndi timadontho takuda m'kati, tonenepa, ndipo pa galasi lina tochepa, toonda, tomwazikana ngati anthu obalalika pamsika mvula ikagwa. Anandiuza kuti tonenepato ndi ta m'dimba mwanga. Ndinali nditawerenga kuyambira ubwana wanga kuti Mulungu amadyetsa mbalame ndipo amadziwa tsitsi la m'mutu mwathu, koma sindinkadziwa kuti m'dothi limene ndimapondamo ndi mapazi muli khamu lotere, lililonse ndi chovala chake, ndipo Iye akulisamala popanda wina womuthokoza. ANangozo ankati ntchito yawo inali yomweyo, kuti pakhale munthu mmodzi woona n'kuthokoza.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Lilime lawo linali lakuthwa, ndipo iwo omwe ankati pamene ankawabatiza lilimelo linatsala panja. Chaka chilichonse mvula isanagwe mpingo wathu umasala kudya masiku angapo. Iwo ankati munthu akakhala nthawi yaitali osadya, thupi limayamba kuwotcha mafuta ake, ndipo maketoni omwe aja amatuluka ndi mpweya wa m'kamwa, fungo lake ngati la zipatso zopsetsa. Motero ankadziwa amene wasaladi. Chaka china, tsiku lotsiriza kusala, aGama analalikira za kufooka kwa thupi lawo ndi mawu onjenjemera. Tikupatsana moni pakhomo potuluka, aNangozo anawagwira dzanja ndi ulemu wonse.

"Bambo mkulu, Mulungu wakuchitirani chozizwitsa," anatero. "Ife tonse tikununkha njala, inu nokha mukununkha usipa."

Anthu anaseka, aGama nawonso anaseka. Pambuyo pake ndinamva kuti aGama ankamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndipo akazi awo ndiwo ankawakakamiza kudya. Ndinawadzudzula aNangozo, ndinawakumbutsa kuti lilime ndi kamoto kakang'ono kotentha nkhalango. Anavomera, ndipo anapita kukapepesa atanyamula manachesi m'kadengu. Chimenechi ndikuchilemba dala, kuti amene amati mayiyu anali wosadziwa kupepesa adziwe kuti pamene analakwadi ankapepesa.

Mphuno yomweyo inapulumutsa munthu. Mkazi wa mphunzitsi wina amene anatumizidwa kusukulu ya kwathu anakhala benchi limodzi ndi aNangozo m'tchalitchi. Anali ataonda, akumwa madzi pafupipafupi, akusinza masana. ANangozo anamva fungo lija pa munthu amene sankasala kudya. Mapemphero asanathe anamutulutsa, anaitana wa njinga yamoto, n'kupita naye kuchipatala cha ku Magaleta, kumene anamutumiza ku boma. Anamupeza ndi matenda a shuga ofika poipa. Mayiyo alipo mpaka lero. Nthawi imeneyo anthu anathokoza. Patapita zaka, omwewo ankafunsana kuti kodi anadziwa bwanji za m'mimba mwa munthu popanda kumuyeza.

Kunabweranso bambo wina wogulitsa mankhwala a m'mabotolo ku Zalewa, aja ochiza matenda onse kuyambira mutu mpaka banja. Anamva kuti kuli dokotala wopha tizilombo ndi kamfa, ndipo ankafuna kulemba dzina lawo pa mabotolo ake. ANangozo anamuuza kuti iwo si dokotala, kuti chimene chimachedwetsa kachilombo m'botolo sichichiza munthu, ndipo kuti mwana akamwa kamfa akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Bamboyo atakakamira anamuthamangitsa ndi tsache. Anachoka akuuza aliyense panjira kuti agogo aja ali ndi mankhwala oopsa koma akubisa.

Zonsezi zinali ngati nkhuni zounjikidwa. Moto wake unabwera m'chaka china cha mvula yambiri. Madzi anasefukira, zimbudzi zina zinagwa, ndipo chitsime chathu cha kudambo chinayamba kutulutsa madzi otuwa. ANangozo anatunga madziwo m'kabotolo, anthu akuona, n'kukaika kwa thadzi lawo. Zimene zinamera zinawaopsa. Anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti aziphitsa madzi akumwa, apo ayi ana adwala. Koma ananena mwa iwo okha, mopanda kunyengerera, kuti tikumwa za kuchimbudzi kwathu komwe. Ena anakwiya. Ena anamva, koma nkhuni zinali zonyowa, ndipo zochepa zoumazo zinali za kuphikira. Pasanapite nthawi ana anayamba kutsekula m'mimba. Awiri anamwalira. Mmodzi anali mdzukulu wa aGama, kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda.

Kwathu kuno munthu wonena za tsoka lisanafike amatengedwa kuti ndiye waliitana. Pamaliro a mwanayo mawu anayamba kuyenda chapansipansi: anatunga madzi, anakaika kwa nkhuku yakuda, ananeneratu. Anyamata anayamba kukhala pamphambano yopita kwa aNangozo atagwira zikwanje. Achibale awo anawauza kuti athawire ku Blantyre mpaka mitima izizire. Anakana. Anati manda a amayi awo ali pano, ndipo wothawa amakhala wavomera.

Masana a Lachisanu aGama anabwera okha. Ine ndinali pakhondepo, ndipo aNangozo anandigwira nsalu kuti ndisachoke. Bamboyo maso anali ofiira ndi maliro. Anakana mpando, anakhala pa mtondo wogubuduza.

"Mayi, ine ndaika mdzukulu dzana," anayamba. "Sindinabwere kudzakuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti si inu. Ndi madzi aja, ndipo munatiuza. Koma anyamatawa sangamve zimenezo. Akufuna aone chinthu chikupsa, amvenso munthu akulapa. Lamulungu muimirire, munene kuti ndalapa, ndasiya, basi. Palibe akufunseni kuti mwalapa chiyani. Za mumtima Mulungu akuzidziwa."

Awa ndiwo mawu amene ndinawapempha kuti awabwereze pamaliro. Ndinawamva ndi makutu anga, ndipo ndidzawachitira umboni pamaso pa mpando wa chiweruzo.

ANangozo anawapepesa za maliro monga mwa mwambo. Atatero anayankha.

"Mulungu akudziwa, eya. Nanga amake mwanayo? Ndikanena kuti ndalapa, iwo amva kuti ndinawaphera mwana. Mawa akatunganso pachitsime chomwecho osaphitsa, poti mfiti yagwidwa kale. Muika wina, bambo mkulu. Mabotolo tengani, ndiwawiritse kaye. Nkhuku tengani. Mawuwo ayi."

AGama anawachonderera nthawi yaitali. Anawauza kuti akhoza kuwotcheredwa m'nyumba, kuti apolisi ali kutali ndipo msewu wadulidwa ndi mvula, kuti nthawi zina munthu amawerama kuti mphepo idutse. ANangozo anangoti anyamata atatu aja a m'Malemba anauzidwanso kuti angowerama pang'ono pamaso pa fano, nyimbo ikatha adzuke.

Lamulungu tchalitchi linadzaza, mpaka anthu osapemphera anabwera, ena atatsamira mazenera. Ulaliki utatha aGama analengeza kuti pali mayi amene ali ndi mawu kwa mpingo. Ndikukhulupirira ankayembekezabe kuti asintha maganizo. ANangozo anaimirira, anakonza mpango wawo, anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi mpaka ena anayamba kuyang'ana kumbali.

"Machimo ndili nawo ambiri, ndipo ndimawalapa kwa Mwini wake," anatero. "Ili si langa. Phitsani madzi."

Anakhala pansi.

Dzuwa litapendeka anyamata aja anafika. Anatentha khola la nkhuku, anapha thadzi lakuda lija n'kuliponya pamoto, anaphwanya mabotolo. Makina oonera aja anawatulutsa n'kuwasinja ndi mwala waukulu. ANangozo anakhala pa mpando pakhonde, manja pamiyendo, akuonerera. Pamene makinawo ankasweka anatseka maso, koma sanalire. Ife amayi angapo tinakhala pansi pakhomo la nyumba n'kuyamba kuimba, poganiza kuti mwana wa m'mudzi sangalumphe miyendo ya amake. Ndipo ndisawanamizire aGama: pamene wina anabwera ndi udzu woyaka kulunjika kudenga, iwo ndiwo anaima patsogolo pake n'kumuuza kuti mwana amene wamwalira ndi wa m'nyumba mwawo, ndipo iwo akuti zakwana. Nyumba inapulumuka.

M'sabata yomweyo alangizi a zaumoyo anafika wapansi, anathira mankhwala m'chitsime, anagawa ena a m'zidebe. Matenda anatha. Anthu anati aona, mabotolo atangopsa ana achira. Akulu a mpingo anakumana, ndipo poti sakanalemba kuti ufiti, anati awadula chifukwa chosamvera akulu ndi kusokoneza mtendere. Analengeza pamaso pa mpingo wonse.

Munthu wodulidwa amaloledwa kulowa n'kukhala kumbuyo, koma ambiri amangosiya, kapena kupita ku mpingo wina. ANangozo anati kumbuyo ndi kwa amene akuyembekeza kulapa, ndipo iwo alibe chimene akuyembekeza. Kupita kwina anakananso. Anati anabatizidwa pano, ndipo amene anawaitana sanawadule. Lamulungu lotsatira anafika atanyamula mpando wa ndalema, anautambasula panja, pansi pa zenera la kum'mawa, pafupi ndi guwa, n'kukhalapo. Anachita zimenezo sabata ndi sabata mpaka miyendo inawakana, ndipo ana amene anabadwa chaka chimene anawadulacho anali atafika ku sekondale. Mvula ikamagwa ankabwera ndi ambulera. Ankaimba mokweza kuposa ife a m'katimo, mawu awo okhuthala akulowera pazenera. Wowerenga Malemba akalumpha mzere, ankamva kutsokomola panja, n'kubwerera. Chopereka chawo ankachipereka pazenera pomwepo, ndipo sindinamvepo kuti chinabwezedwa.

Tsiku lovuta linali la mgonero. Odulidwa ndi ana amatuluka nthawi imeneyo, koma iwo anali kale panja, ndiye ankangokhala. Mbale ikamadutsa pafupi ndi zenera ankaweramitsa mutu, manja ali chitambasulire pamiyendo.

Ntchito yawo sanasiye. Anagula nkhuku ina, yakudanso, akuti anthu asaganize kuti aopa. Makina analibenso, maso nawonso anali atayamba kuchita khungu, ndiye ankangofananitsa ndi diso kukula kwa zomera pa mbatatazo, botolo la kathonje ndi lopanda kathonje. Ankavomera kuti imeneyo sinalinso ntchito yoti angaionetse kwa anzawo akale. Nkhuku imadzuka kukadya, kutentha kumasintha, ndipo pa mbatata pamamera zambiri zosakanikirana. Koma ankati mlimi salekera kupita kumunda chifukwa khasu lafupika. Tizilombo ta m'dimba mwanga tinkawasangalatsa kwambiri, poti timeneti kamfa tinkamulandira ngati ndiwo.

Patapita zaka kunabwera abusa atsopano, achinyamata, ochokera kuchigawo chapakati. Anafunsa za mayi wa pazenerayo, anamva nkhani yonse, ndipo anapita kukawaona ine nditawaperekeza. Anali munthu wabwino. Anawauza kuti safunikanso kulapa chilichonse. Angolowa Lamulungu, akhale pamalo awo akale, dzina lawo libwezeretsedwa mwakachetechete, ndipo mgonero adya. ANangozo anawathokoza, anawapatsa tiyi. Kenaka anati anadulidwa masana, pamaso pa anthu, ndipo akalowa mwakachetechete anthu adzati alapira kuseri. Anapempha chinthu chimodzi: mkulu wa mpingo aimirire pamalo pomwe analengezera, anene kuti mayiyu sanaphe mwana wa munthu. Abusa anakayesa. Akulu anati zimenezo zidzutsa mabala, ndiponso ena mwa anyamata otentha khola aja tsopano anali madikoni. Zinathera pomwepo.

Apa ine ndinakangana nawo kwambiri. Ndinawauza kuti alowe, kuti khomo latseguka, kuti kudzikuza nakonso ndi tchimo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati mwina ndikunena zoona, ndipo ngati ndi kudzikuza akayankha okha. Koma anati m'mudzi muno muli amayi ena okalamba, opanda ana owateteza, ndipo tsiku lina mvula idzagwanso yambiri. Akalowa popanda mawu aja, wotsatira wawo adzauzidwa kuti ngakhale aNangozo, ndi sukulu yawo yonse, anagonja.

M'miyezi yawo yotsiriza sankathanso kudzuka. Ndinkapita masana kukawawerengera Malemba ndi kuwatembenuza. Nkhuku anagawira anzawo, mabotolo otsala anandiuza kuti ndiwawiritse kaye ndisanawataye, ndipo anandifunsa kawiri ngati madziwo anawiradi. Za funso lawo anati sanalithe, ndipo mwina ena kwinakwake analitha kalekale iwo osamva. Sizinkaoneka kuti zikuwapweteka. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati sakuopa kupita osadya mgonero zaka zonsezi.

"Wachifwamba uja wa pamtanda anadya mgonero wa mpingo uti?" anandifunsa. "Ndipotu uja anabadi."

Anamwalira m'nyengo ya chisanu, m'mawa, nditapita kukatunga madzi oti ndiwasambitse.

Pansi pa zenera la kum'mawa dothi lidakali lolimba ngati pabwalo lopunthira nyemba, ndipo pali maenje ang'onoang'ono pamene miyendo ya mpando inkalowa. Udzu wamera kuzungulira ponse koma pamenepo ukuzengereza. Pa masiku aakulu, tchalitchi likadzaza, anthu otsala panja amaunjikana kumbali ya kumadzulo, padzuwa la masana, pamene kum'mawako kuli mthunzi. Palibe amene amakhalapo, ngakhale njinga sayedzekapo. Wowerenga akalumpha mzere amangopitirira, ndipo nyimbo zathu zapepuka, zasowa pansi pake. Masiku ano zeneralo akumalitseka, akuti kumalowa mphepo. Ine ndimafika msanga, ndipo ndisanakhale pansi ndimalitsegula.